Arequipa, Mzinda Woyera wa m'Tsinde mwa Mapiri a Moto

Mwezi uno tikutengani ulendo wautali, wakuoloka nyanja zamchere kufikira ku South America, ku dziko la Peru. Kumwera kwa dzikolo, pakati pa chipululu ndi mapiri aatali a Andes, kuli mzinda dzina lake Arequipa. Ndiwo mzinda wachiwiri kukula m'Peru monse. Wouposa ndi Lima yekha, likulu la dzikolo, limene lili pa mtunda wa makilomita ngati 1,000 poyenda pa msewu. Tifuna kukusimbirani za mzinda umenewu chifukwa anthu ake akhala zaka pafupifupi 500 pa malo pamene madzi, chakudya ndi miyala yomangira zichokera ku mapiri, ndipo imfa nayonso ichokera komweko. M'makhalidwe awo muli nzeru yoyenera kuimva banja lililonse lakufuna malo omangapo nyumba.

Mapiri atatu ndi mtsinje umodzi

Wapaulendo wochokera kunyanja, ku doko la Mollendo kapena la Matarani, ayamba wakwera m'chipululu chouma gwa, mopanda mtengo kapena udzu, mchenga ndi miyala yokhayokha. Atakwera chikwerere, aona mwadzidzidzi chigwa chobiriwira, ndi pakati pake nyumba zoyera mbuu. Ameneyo ndiye Arequipa, wakukhala pamtunda wa mamita 2,335 kuchokera pa nyanja. Kumbuyo kwake kwaima mapiri atatu, monga mafuwa a chimphona. Lina ndi Chachani, lopitirira mamita 6,000. Lina ndi Pichu Pichu, la nsonga zambiri. Ndipo pakati pa awiriwa pali Misti, la mamita 5,822, losongoka bwino ngati denga la nkhokwe. Kuchokera pa bwalo lalikulu la mzinda kufika pakamwa pa Misti pali makilomita 17 okha.

Onse atatuwa ndi mapiri a moto, ndipo tiyenera kufotokoza pang'ono chiyambi chake. Pansi pa nyanja ya Pacific pali chigawo chachikulu cha nthaka chotchedwa Nazca, chimene chimalowa kunsi kwa dziko la South America pang'onopang'ono, masentimita owerengeka chaka ndi chaka. Kukhulana kwa ziwirizi ndiko kudzetsa zivomezi. Tsono chigawo cholowacho chikafika pakuya, miyala ya pamwamba pake imasungunuka monga chitsulo m'ng'anjo, nikwera kufuna potulukira. Ndipo pamene yatulukira pamabadwa phiri la moto. Chachani ndi Pichu Pichu anakhala chete kalekale. Misti ali m'tulo chabe, pakuti kufikira lero m'kamwa mwake mumatuluka nthunzi yonunkha sulufule.

Mvula kumeneko ndi yochepa ndithu, mamilimita ngati 100 pa chaka chonse, ndipo imagwa kuyambira Januwale kufikira Malichi. Chikhala chopanda mtsinje wa Chili, chigwacho chikadakhala chipululu monga mbali zake zonse. Mtsinjewu uchokera ku dziko lozizira la kuseri kwa mapiri, nudzera m'phompho lakuya pakati pa Misti ndi Chachani, nutulukira mumzinda. Anthu akale, asanafike Azungu, anakumba ngalande zopatutsa madzi ake ndi a akasupe a m'tsinde mwa mapiri, namanga minda yamakwerero yochingidwa ndi miyala m'mbali mwa zitunda. Ku Paucarpata ndi ku Yumina minda imeneyo ikulimidwabe. Nthaka yake ndi phulusa lakale la mapiri, ndipo ikalandira madzi imabala chimanga, anyezi, adyo ndi msipu wa ng'ombe zamkaka. Mbatata ya kachewere imene tidya kwathu kuno inayamba kulimidwa m'mapiri omwewa a kumwera kwa Peru, zaka zikwi zambiri zapitazo. Akulu athu anati walira mvula walira matope; anthu a ku Arequipa nawo adziwa kuti wolandira nthaka ya phiri walandiranso ukali wake.

Mantha a anthu akale

Pakati pa zaka za 1440 ndi 1470, m'masiku a ufumu wa Ainka, Misti anaphulika, nathira phulusa pa midzi ya m'chigwa. Ainka ankayesa mapiri aatali ngati mizimu yamphamvu yakupatsa madzi kapena kuwamana, ndipo pa nthawi ya tsoka lalikulu ankakwera kukapereka nsembe pansonga penipeni, nthawi zina nsembe ya ana osankhika. Umboni wake unaoneka m'masiku athu ano. M'chaka cha 1995 phiri la Sabancaya linali kutulutsa phulusa, ndipo phulusalo linasungunutsa chipale pansonga pa phiri loyandikana nalo la Ampato. Pamenepo Johan Reinhard ndi Miguel Zárate anakwera, napeza thupi la mtsikana wa zaka zosapitirira 15, louma ndi chisanu, lovala nsalu zake zokongola, litagona pamenepo zaka zoposa 500. Anthu anamutcha Juanita, ndipo asungidwa m'nyumba ya zakale ya Universidad Católica de Santa María mumzinda momwemo. M'chaka cha 1998 anapezanso mafupa a ana angapo pakamwa pa Misti. Nkhani yake ndi yomvetsa chisoni; komabe itionetsa kuti anthu amene anaona phiri lili maso sanaliyese chinthu chosewera nacho.

Kumangidwa kwa mzinda

Anthu a ku Spain atagonjetsa Ainka, anayamba kumanga mudzi ku Camaná, kufupi ndi nyanja. Koma kumeneko kunali malungo, ndipo anasamukira ku chigwa cha Chili. Pa 15 Ogasiti 1540, tsiku la chaka cha Maria Virgo kutengedwa kumwamba, Garcí Manuel de Carbajal anakhazikitsa mzinda, naupereka m'manja mwa Maria; ndicho chifukwa chake kufikira lero tsiku la 15 Ogasiti ndilo chikondwerero chachikulu cha Arequipa. Analemba misewu yowongoka yopingasana, nasiya bwalo pakati. Ntchito yolemetsa ya kukumba, kusenza ndi kulima inagwera eni dziko, amene anagawidwa kwa Azunguwo kuti aziwatumikira ndi kuwapatsa msonkho. Za dzina la mzinda, nthano imati mfumu ya Ainka, Mayta Cápac, pomva anthu ake akupempha kutsala m'chigwacho, inayankha m'chinenero cha Quechua kuti, Ari, quepay, ndiko kunena, Inde, khalani. Ena amati dzinali ndi la chinenero cha Aymara, kutanthauza malo a kuseri kwa nsonga.

Mzinda usanakwanitse zaka 42, pa 22 Januwale 1582, chivomezi chinagwetsa nyumba zake pafupifupi zonse. Anthu anamanganso. Koma choopsa choposa chinadza m'chaka cha 1600, kuchokera ku phiri limene munthu sankaliganizira, la Huaynaputina, makilomita ngati 70 kum'mawa chakumwera. Pa 16 Febuluwale chaka chimenecho Akhristu analandira phulusa pamphumi poyamba Lenti. Atapita masiku atatu, pa 19 Febuluwale, phulusa linayamba kugwa kuchokera kumwamba. Dzuwa linabisika, usana unasanduka usiku, anthu anayenda ndi nyali masana. Nthaka inagwedezeka kosaleka, ndipo madenga anathyoka ndi kulemera kwa phulusalo. Anthu anathamangira ku matchalitchi kukalapa, nachita midipiti m'misewu mumdima. Midzi yoyandikana ndi phirilo inakwiririka, anthu ngati 1,500 anafa, ziweto zinatha ndi njala, ndipo minda ya mphesa ya ku Moquegua inaonongeka zaka zambiri. M'mbiri yolembedwa ya South America mulibe kuphulika kwina koposa kumeneku. Utsi wake unafalikira m'mlengalenga mwa dziko lonse lapansi, kotero kuti chaka cha 1601 chinazizira modabwitsa kumpoto; ndipo akatswiri amati chisanucho chinathandiza kudzetsa njala yoopsa ya ku Russia ya 1601 mpaka 1603.

Zivomezi sizinaleke. Zinabweranso m'zaka za 1604, 1687, 1784, 1868, 1958 ndi 1960, ndi pa 23 Juni 2001. Palibe mbadwo wa ku Arequipa umene unapita kumanda usanaone khoma likung'ambika.

Mwala woyera

Kodi anthu otere amanga ndi chiyani? Mitengo m'chipululu mulibe, ndipo zidina zosaotcha zinagwa pa chivomezi choyamba. Yankho linapezeka pansi pa mapazi awo. Zaka zoposa miliyoni imodzi zapitazo, kuphulika kwakukulu kwa m'dera la Chachani kunadzaza chigwa ndi phulusa lamoto, ndipo phulusalo pozizira linagwirana nilisanduka mwala woyera, wopepuka, wa timabowo tambirimbiri, umene eni ake autcha sillar. Mwalawu ndi wofewa posema koma wopirira dzuwa. M'makwawa a Añashuayco amisiri akuudulabe ndi manja, ndi nyundo, mphano ndi zitsulo, monga anachitira makolo awo.

Chivomezi chilichonse chinaphunzitsa amisiriwo kanthu. Anaphunzira kumanga makoma ochindikala mita imodzi, ndi a matchalitchi kufikira mamita awiri, kumanga nyumba zazifupi, za chipinda chapansi chokha, kuchepetsa mazenera, kuchirikiza makoma ndi mizati yakunja, ndi kufolera ndi denga lamwala lokhota ngati uta, lomangidwa ndi laimu. Motero maonekedwe a Arequipa wakale ndiwo chikumbutso cha masoka ake: wodziwa kuwerenga makoma aona pamenepo zimene mibadwo inaphunzira ndi misozi.

Ndipo pokhala mwalawo ngwofewa, anausema mokongola. Pakhomo pa tchalitchi cha La Compañía, cha ansembe a chipani cha Yesu, pamene panatsirizidwa mu 1698, amisiri a m'dzikomo anasema angelo ndi zizindikiro za Eklezia pamodzi ndi maluwa, zipatso, mbalame ndi nyama za kwawo, zonse zolukanalukana ngati nsalu. Katedulo ya mzinda, umene unakhala dayosizi mu 1609, yatenga mbali yonse imodzi ya bwalo lalikulu. Inapsa ndi moto mu 1844, nimangidwanso ndi mmisiri Lucas Poblete. Inaonongeka ndi chivomezi cha 1868, nikonzedwanso. Ndipo mu 2001 nsanja yake imodzi inagwa niboola denga, koma pofika chaka chotsatira inali itaimanso. M'chaka cha 2000 bungwe la UNESCO linalemba pakati pa mzindawu m'kaundula wa chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi.

Mudzi wa m'kati mwa mpanda

Kufupi ndi bwalo kuli mpanda wautali wa mwala, ndipo m'kati mwake muli nyumba ya asisiteri ya Santa Catalina, ya chipani cha Dominiko Woyera. Anaiyamba mu 1579 mayi wamasiye wolemera, María de Guzmán, amene anapereka chuma chake nalowamo yekha. Malo ake ndi mahekitala awiri, ndipo muli timisewu, mabwalo, zitsime, mochapira ndi manda, makoma ake opakidwa kufiira ndi kubiriwira kwa thambo. Nawonso mudziwu unaumbidwa ndi zivomezi; pakuti nyumba zogona onse pamodzi zitagwa, mabanja a asisiteri anamangira ana awo aliyense kanyumba kake ndi khitchini yake, ndipo olemera anakhala ndi antchito awo. Mu 1871, m'masiku a Papa Pius IX, mwambo umenewu unathetsedwa, ndipo onse anabwerera ku moyo wa kudya ndi kugona pamodzi. Pa 15 Ogasiti 1970 zipata zinatsegulidwa kuti alendo aziona, asisiteri atasamukira ku mbali ina ya mpanda womwewo.

M'nyumba imeneyi munakhala Ana de los Ángeles Monteagudo, amene anakana ukwati umene makolo ake anamukonzera, nakhala mkulu wa asisiteri, nalimbikira kubweza anzake ku umphawi ndi pemphero. Anamwalira ali wakhungu pa 10 Januwale 1686. Papa Yohane Paulo II, yemwe uja anadzationa kuno mu 1989, anamutcha Wodala ku Arequipa komweko pa 2 Febuluwale 1985. Tsiku lomwelo anaveka chisoti chifanizo cha Maria wa ku Chapi, kumene Akhristu zikwizikwi amapita pa 1 Meyi chaka ndi chaka, ambiri akuyenda pansi usiku wonse m'chipululu.

Makhalidwe a eni mzinda

Anthu a ku Arequipa atchuka m'Peru monse ndi mtima wosagonja, ndipo iwo eni amati anautengera kwa Misti. Mu 1780 anaukira msonkho watsopano wa mfumu ya ku Spain. Mwana wa mzindawu, Mariano Melgar, wolemba nyimbo zachisoni zotchedwa yaraví, analowa nkhondo yofuna ufulu, nagwidwa ku Umachiri, nawomberedwa mu 1815 ali ndi zaka 24. Mu 2002 mzinda wonse unatseka misewu kukana kugulitsidwa kwa makampani ake a magetsi, ndipo boma linabwerera m'mbuyo. Mwa nthabwala amagulitsa kwa alendo pasipoti ya dziko la Arequipa, ngati kuti si mbali ya Peru. Ndipo munthu akadzuka wokwiya popanda chifukwa, amati yamugwira nevada, ndiyo mitambo ya chipale ikaunjikana pa phiri. Mumzindawu munabadwiranso, mu 1936, Mario Vargas Llosa, wolemba mabuku amene analandira mphotho ya Nobel mu 2010, namwalira mu 2025, atapereka mabuku ake zikwi zambiri ku mudzi wa kubadwa kwake.

Chuma cha mzinda chinakula ndi ubweya. Njanji yochokera ku Mollendo inafika mu 1871, nipitirira kukwera ku Puno, ku nyanja ya Titicaca. Ndipo ubweya wa nkhosa ndi wa alpaca, nyama ya khosi lalitali yoweta kumapiri, unkatsikira ku Arequipa kukasankhidwa ndi kutumizidwa ku England. Ntchito ya ubweyayo ikadalipo, pamodzi ndi ya mgodi wa mkuwa wa Cerro Verde.

Wofuna kudziwa anthuwa alowe masana m'nyumba yodyera yotchedwa picantería. Eni ake kawirikawiri ndi amayi, olandira ntchitoyo kwa amayi awo. Amaphika pa nkhuni, nasinja tsabola pa mphero, ndipo alendo amakhala pa tebulo limodzi lalitali, wolemera ndi wosauka phewa ndi phewa. Chakumwa chake ndi chicha, cha chimera cha chimanga chakuda. Tsiku lililonse lili ndi msuzi wake, kotero kuti munthu angadziwe tsiku ndi fungo la mphika. Ndipo Lamulungu m'mamawa amadya adobo, nyama ya nkhumba yophikidwa mu chicha. Chakudya chotchuka koposa ndi rocoto relleno, tsabola wamkulu wofiira, wowawa ngati moto, amene amayamba amuwiritsa kuti ukali uchepe, namudzaza nyama, namuotcha ndi tchizi pamwamba. Mu 2014 boma la Peru linalengeza kuti picantería ndi chuma cha fuko choyenera kusungidwa.

Choopsa cha lero

Tsono tifike pa chimene chitidetsa nkhawa. Mu 1940 anthu a mumzindawu sanakwane 100,000. Pa kalembera wa 2017 anapitirira 1,000,000. Ambiri mwa obwerawo ndi osauka ochokera ku Puno, ku Cusco ndi ku midzi ya kumapiri, akufuna ntchito ndi sukulu ya ana awo. M'chigwa malo anatha, ndipo otsala ndi okwera mtengo. Malo aulere ali kumtunda, m'tsinde mwa Misti. Chotero chaka ndi chaka nyumba zakwera phiri, ku Alto Selva Alegre, ku Miraflores, ku Mariano Melgar ndi ku Paucarpata, ndipo zina zamangidwa m'mphepete ndi m'kati mwa makwawa ouma otsika ku phirilo, monga San Lázaro ndi Huarangal.

Akatswiri a miyala, pokumba m'makwawa amenewo, apeza phulusa ndi matope a kuphulika kwakukulu kwa Misti kwa zaka ngati 2,000 zapitazo. Ndiko kunena kuti njira zimene moto ndi matope zinatsata kale ndi zomwezo mwagona ana lero. Madzi saiwala khwawa. Ngakhale popanda kuphulika, pa 8 Febuluwale 2013 mvula yoposa ya chaka chonse inagwa m'maola owerengeka, madzi anatsata makwawa ake akale, nakokolola nyumba ndi misewu, napha anthu angapo. Ndiponso madzi akumwa ndi magetsi ambiri a mzinda achokera m'phompho lija la Chili, ku Charcani, m'nthiti mwenimweni mwa phiri. Phiri likadzuka, mzinda ungasowe madzi msanga.

Si kuti palibe akudikira. Mabungwe awiri a boma, Instituto Geofísico del Perú ndi INGEMMET, aika makina pa Misti akumva kugwedezeka kwa m'kati mwake usana ndi usiku, ndipo amayesa nthunzi yake. Mu 2007 anatulutsa mapu akuonetsa ndi mitundu malo oopsa kwambiri ndi oopsa pang'ono, ndipo m'madera a kumtunda anthu ndi ana a sukulu ayesezapo kathawidwe. Mapiri oyandikana nawo akumbutsa: Ubinas anasamutsa anthu m'midzi yawo mu 2006 ndi mu 2019, ndipo Sabancaya anayambanso kutulutsa phulusa mu 2016. Koma makina angochenjeza. Sangathe kusuntha nyumba. Ndipo n'kovuta kuuza bambo amene wamanga ndi thukuta la zaka khumi kuti achoke chifukwa cha phiri limene ngakhale agogo a agogo ake sanalione likuphulika kwenikweni, makamaka ngati palibe malo ena omupatsa.

Apa ndipo pali kusiyana kwa Arequipa wakale ndi watsopano. Amisiri akale anamanga akukumbukira, pakuti chivomezi chinkabwera mbadwo uliwonse kudzawakumbutsa. Misti wakhala zaka zoposa 500 osaphulika kwakukulu, ndipo kukhala chete kwakeko ndiko kwaiwalitsa anthu. Chakudza sichiimba ng'oma. Inu abambo ndi amayi, pamene musankha malo a nyumba, yambani mwafunsa akulu a pamalopo kuti madzi ankadzera kuti, ndi kuti nthaka inagumukapo liti; ndipo zimene mwamva muuze ana anu, angadzayese kuti khwawa louma ndi bwalo. Ndipo pa 15 Ogasiti, pamene mabelu a katedulo ya Arequipa alira pa chikondwerero cha mzindawo, tikumbukire m'mapemphero athu mabanja a kumtunda kuja, ndi akulu a boma amene ayenera kuwapezera malo abwino nthawi ikadalipo.